CHONGWE ASASANDUKE CIGONO CA LUSAKA

Tambala woyamba asanalire, pa siteshoni ya mabasi m'tauni ya Chongwe pamakhala patadzaza kale anthu. Ena ndi makalaliki a m'maofesi, ena ndi anamwino, aphunzitsi, alonda ndi amakaniko, ndipo ena ndi amai amene asenza mabokosi a matimati ndi mitolo ya repu yopita nayo ku msika wa Soweto. Onsewa maso ao ali kumadzulo, kumene kuli mzinda wa Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 potsata mseu waukulu wa Great East. Minibasi ikadzaza inyamuka, ina nibwera pamalo pake, kufikira dzuwa litakwera. Madzulo anthu omwewo abwerera mdima utagwa, ali otopa, nadya, nagona, kuti mawa adzukenso nthawi yomweyo.

Moyo wotere wafala m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, ndipo pa wokha suli woipa. Koma uli ndi ngozi imene iyenera kuchulidwa poyera nthawi isanathe. Ngoziyo ndi yakuti Chongwe angathe kusanduka cigono cabe, malo amene munthu afikako kudzagona nalawira m'mamawa. Wapaulendo akagona pa cigono sasesa bwalo, sabzala mtengo, ndiponso safunsa kumene acokera madzi amene wamwa. Tauni ikadzala ndi anthu a mtima wa paulendo, eni ake nawonso akatanganidwa ndi kugulitsa minda, zinthu ziwiri zimene zinaika Chongwe pamene ali, ndizo nthaka ndi mtsinje, zidzatha popanda woziyang'anira.

Nkofunika kukumbukira kuti dera limeneli silinayambe ndi mabasi. Asoli anali kulima ndi kuweta m'zigwa za Chongwe ndi Chalimbana kalekale, Lusaka asanakhale likulu la dziko mu 1935. Ansembe a Cikatolika anatsegula mishoni ya Kasisi mu 1905, ndipo Chalimbana anachuka ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi, imene lero ili yunivesite. Tauni ya Chongwe inamera pamene mseu wa kum'mawa uoloka mtsinje. Akuluakulu akumbukira bwino mwezi wa Novembala mu 1979, pamene asilikali a ku Rhodesia anaphulitsa ulalo wa pa mtsinjewo. Masiku amenewo dziko lonse linaona kuti Lusaka ndi Cigawo ca Kum'mawa agwirana dzanja pa Chongwe, ndi kuti malo amene ambiri angopitapo ali ndi kulemera kwake.

Cimene casintha ndico kuculuka kwa anthu. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chongwe, ndiko kuposa kuwirikiza kawiri ciwerengero ca dera lomwelo ca mu 2010. Kalembera yemweyo anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu mzinda wa Lusaka. Anthu onse oonjezekawa sanabadwire m'midzi ya Asoli. Ambiri ndi ocokera mu mzinda, pakuti Lusaka wadzaza ndipo asefukira kunja monga mowa wowira mu mbiya yaing'ono. Amene anayenda pa mseu wa Great East zaka makumi awiri zapitazo akumbukira chire ndi minda kucokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda mpaka ku Chongwe. Lero ku Silverest ndi madera oyandikana nako kuli mipanda ya njerwa ndi madenga a malata.

Cimene cikoka anthuwa sicobisika. Mu Lusaka lendi ya nyumba imadya gawo lalikulu la malipiro, ndipo puloti ya mu mzinda munthu wamba saikwanitsa. M'makomboni ena, monga Kanyama, madzi amalowa m'nyumba mvula ikaculuka. Munthu akaona zimenezi, naganizira ana ake, asankha kuyenda ulendo wautali tsiku ndi tsiku kuti akhale ndi pakhomo pakepake, pamene angabzale mango, kusunga nkhuku ndi kugona popanda phokoso. Palibe amene angamdzudzule pa cimeneci. Zambia ndi dziko limodzi, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala kumene ifuna, malinga yapezako malo mwa njira yoyenera.

Ndiponso obwerawa adza ndi zabwino zoonekera. Mnyamata wa m'mudzi amene anaphunzira kumanga nyumba kapena kupala matabwa apeza nchito pafupi ndi kwao. Amai a madimba agulitsa ndiwo zina m'mbali mwa mseu asanafike ku Soweto. Wokhala ndi nyumba ya zipinda ziwiri alandira lendi kwa aphunzitsi ndi ophunzira. Magetsi, masitolo ndi masukulu zafika m'malo amene kale munali mdima. Zonsezi ziyenera kuyamikiridwa. Koma akale anati walira mvula walira matope, ndipo matope a citukuko cimeneci ayamba kale kuterera.

Woyamba kugwa m'matopewo ndiye wapaulendo mwini wake. Tsiku lililonse ataya maola pa mseu, makamaka polowa mu mzinda ca ku Chelston ndi Munali, kumene magalimoto amathinana m'mawa ndi madzulo. Mafuta akakwera mtengo, basi nayo ikwera, ndipo wa galimoto yake alipiranso msonkho pa geti la pa mseu. Cimene anapulumutsa pa lendi cithera pa ulendo. Ana ake amuona bwino tsiku la Sabata lokha, masiku ena onse aleredwa ndi wanchito kapena ndi foni. Pakagwa maliro m'mudzi iye ali ku nchito. Pa msonkhano wa makolo ku sukulu iye palibe. Popeza afika masitolo a pa Chongwe atatseka, ufa, sopo ndi zovala agula mu Lusaka. Motero ndalama zopezedwa mu Lusaka zitsala mu Lusaka, ndipo Chongwe atsala ndi zinyalala, zimbudzi ndi ludzu.

Tauni ya anthu osaoneka masana ndi tauni yopanda mau. Mpope ukauma palibe gulu limene lipita kukafunsa ku Khonsolo. Yense wokhala ndi ndalama agula thanki yake, aboola citsime cake, nakweza mpanda wake. Mseu wa m'kati ukakumbika, iye agula galimoto yaitali miyendo. Sukulu ya Boma ikadzaza, atumiza ana ku sukulu yolipira. Aliyense adzipulumutsa yekha kuseri kwa geti lake, ndipo otsala pa mavuto ndiwo osauka, amene ambiri mwa iwo ndi eni dera obadwira pompo. Anthu okhala moyandikana koma osadziwana maina sangathe kusenza denga limodzi.

Nkhani yaciwiri ndi ya nthaka, ndipo ikhudza makamaka anthu a m'midzi. Malamulo a dziko lino aika nthaka yonse m'manja mwa Purezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo nthaka ya mwambo iyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la Nthaka la mu 1995 linatsegula njira yakuti munthu asandutse nthaka ya mwambo kukhala ya pepala la taitolo, la zaka zofika 99, mfumu ya dera ndi Khonsolo akavomereza, ndipo ofesi ya Boma yoona za nthaka ikapereka pepalalo. Cimene alimi ambiri sauzidwa ndi cakuti nthaka ikalowa pa taitolo yacoka m'manja mwa mfumu ndi mwa mudzi, ndipo lamulo lomwelo silinaike njira yoibwezera. Ng'ombe yogulitsidwa ingathe kuomboledwa caka ca zokolola zabwino. Munda wolowa pa taitolo ya munthu wina sumabwerera.

Zimene zimatsatira zadziwika m'midzi yambiri yozungulira Lusaka. Mlimi aonetsedwa ndalama zimene sanazigwirepo cibadwire, mtima nudumpha. Agula malata, wailesi ndi galimoto yakale, ndipo abale amene anamuiwala ayamba kumcezera. Pakapita madzinja awiri galimotoyo ili pa miyala kuseri kwa nyumba, ndalama zatha, ndipo mwini wake ali pa geti la wogula uja kupempha nchito ya ulonda pa munda umene atate ake anamsiyira. Ana ake akakula sapeza polima, motero akwera minibasi kukafuna maganyu mu Lusaka, nakabwereka kacipinda m'komboni momwe muja wogulayo anathawa. Anthu awiri asinthana malo, koma mmodzi watenga cokhalitsa, mnzake watenga ca masiku owerengeka.

Kawirikawiri wogulitsayo sakhala mwini yekha wa mundawo. Mwa mwambo wa Asoli, monganso wa Acewa, mtundu utsata kucikazi, ndipo munda ndi wa mbumba yonse, amoyo pamodzi ndi osabadwa. Munthu mmodzi akalandira ndalama m'seri, alongo ake, mkazi wake ndi adzukulu osadziwa, wagulitsa cinthu ca anthu ambiri. Amasiye ndi ana amasiye ndiwo amadzidzimuka poona alendo akukhoma zikhomo m'munda wa cimanga. Pamodzi ndi minda zimapitanso zinthu zimene zinali za mudzi wonse: busa la ng'ombe ndi mbuzi, chire la nkhuni ndi mankhwala, njira ya kudambo, ndipo nthawi zina ngakhale malire a manda. Mai amene kale anafika kumtsinje poyenda pang'ono lero azungulira mipanda ndi ndowa pamutu.

Wogula nayenso sakhala pa mtendere nthawi zonse. Pali anthu amene nchito yao ndi kuonetsa malo a eni ake, ndipo puloti imodzi igulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ndi kalata yake ya cidindo. Milandu yotere imadya zaka m'makhoti, ndipo ena amanga nyumba mpaka kudenga asanadziwe kuti anagula mphepo. Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu mu 1971, anadzudzula kambirimbiri poyera mcitidwe wogulitsa nthaka ya mwambo mosatsata njira, nacenjeza nyakwawa zocita zimenezi. Mau amenewo ndi oteteza mbali zonse ziwiri. Wofuna malo akadumpha mfumu ndi Khonsolo cifukwa cofuna zochipa ndi zofulumira akumbukire kuti safunsa anadya phula.

Nkhani ya mtsinje ndiyo yoopsa koposa, pakuti munda ukagulitsidwa lilira ndi banja limodzi, koma mtsinje ukauma alira ndi onse, wa m'nyumba ya udzu ndi wa m'nyumba ya mpanda yemwe. Mtsinje wa Chongwe uyambira kumpoto kwa Lusaka, nulandira madzi a Ngwerere, a Kanakantapa ndi a Chalimbana, nutsika kukathira mu Zambezi pa malire a malo osungira nyama a Lower Zambezi. Kwa zaka zambiri mipope ya m'tauni ya Chongwe yadalira damu laling'ono lochinga mtsinje umenewu. Madzi ofika pa damupo ndi otsala, onse a kumtunda atatungako kale, ndipo afika atanyamula zonse zimene a kumtunda anatayamo.

Ngwerere ayambira mu mzinda wa Lusaka momwemo, ndipo anyamula madzi a m'ngalande za mzinda ndi ocokera m'maiwe otsukira zonyansa za m'zimbudzi. Cotero munthu wa ku Chongwe wogwira nchito mu Lusaka angathe kukumana kunyumba ndi madzi amene anawataya ku nchito. M'mbali mwa mitsinjeyi mulinso mafamu akuluakulu amene ali ndi madamu ao ndi mainjini opopera madzi othirira mbewu m'cilimwe, nthawi imene mtsinje uli wocepa kale. Kumutu kwa Chalimbana kuli nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yochedwa Forest 27, imene nthaka yake imamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe. Nkhalangoyi inatetezedwa mu 1957, nicotsedwa pa citetezo mu 1983, nibwezeredwanso mu 1996 anthu a m'deralo atadandaula za kucepa kwa madzi. Kuyambira mu 2017 mpaka mu 2019 zigawo zake zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba. Phunziro limene anthu analiphunzira kale ndi ludzu linaiwalika m'zaka makumi awiri zokha.

Koma sikoyenera kuloza cala kumtunda kokha. Nyumba zatsopano zifuna mcenga, ndipo malole amaukumba m'mitsinje ndi m'madambo usana ndi usiku, nasiya maenje ndi magombe ogumuka. Njerwa zifuna nkhuni zoziochera. Makala a pa njinga ndi pa malole amene alowa mu Lusaka m'mawa uliwonse ndi mitengo imene dzulo inali kugwira nthaka, ndipo magetsi akasowa mu mzinda, nkhwangwa zimaculuka m'chire. Alimi ena alima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, osasiya bango kapena udzu. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda cofunda imathamanga tsiku limodzi, nikokolola dothi kukalithira m'damu. Damu lodzala ndi matope lioneka lodzaza mu Malici, koma pofika Seputembala liri pansi.

Zotsatira zake anthu a pa Chongwe aziona kangapo. Mu 2019, caka ca cilala, damu linauma, mipope inaleka kutulutsa madzi, ndipo tauni inadalira magalimoto a matanki obweretsa madzi kucokera kwina. Amai ndi ana anaima pa mizere ndi zigubu kuyambira m'bandakuca, ndipo anthu amene anathawa mavuto a m'komboni anawapeza atawatsata. Mu 2024 cilala cinakula kwambiri kotero kuti pa 29 Febuluwale Purezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapsa m'minda, ndipo magetsi anasowa cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba. Munthu sapanga cilala ndi manja ake, koma mtsinje wokhala ndi mitengo ndi madambo ake upirira cilala miyezi yambiri kuposa mtsinje wometedwa.

Ambiri aganiza kuti cipulumutso ciri m'zitsime zoboola ndi makina. Koma madzi a pansi nawonso ndi mvula yomweyo imene inalowa m'nthaka, ndipo ali ndi malire. Zitsime zakuya zikaculuka pamalo amodzi, zitsime zokumba ndi manja za m'mudzi ndizo ziyamba kuuma. Ndiponso puloti iliyonse yaing'ono ikakhala ndi citsime cake ndi dzenje lake la cimbudzi, ziwirizi zimayandikana, ndipo cimene calowa m'dzenje ca mnansi cituluka mu mpope wa mnzake. Lusaka anaona cimene madzi oipa amacita: kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inafika pakuti bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kuciyambi kwa 2024. Matenda otere sadziwa malire a Khonsolo, ndipo amakwera minibasi monga munthu wina aliyense.

Zinthu sizinafike poti nkusakonzeka, koma aliyense ali ndi gawo lake. Mlimi wa m'dziko la Nkomeshya ayenera kudziwa kuti munda wokhala pafupi ndi pakamwa poposa 2 miliyoni ndi cuma coposa ndalama zonse zimene wogula angamuonetse. Anthu a mu mzinda adya ndiwo, mazira, nkhuku ndi mkaka tsiku lililonse, ndipo sadzaleka. Nzeru za ulimi ziri pafupi: ku Kasisi kuli sukulu ya alimi imene inayamba mu 1974, ndipo Palabana adziwika ndi maphunziro a ng'ombe za mkaka. Alimi akagwirizana m'makopaletivu angathe kubwereka lole imodzi m'malo mwakuti mai aliyense alipirire bokosi lake pa minibasi. Banja likapanikizika ndi ndalama, nkwabwino kubwereketsa gawo la munda kwa zaka zowerengeka, pa kalata yokhala ndi mboni, kapena kumanga nyumba ya lendi m'mbali mwa munda, kusiyana ndi kugulitsa zonse. Ndipo nkhani ya munda isamathe popanda mbumba yonse kukhala pansi, akazi ndi ana akuluakulu ali pomwepo.

Nyakwawa ziri ndi udindo wolemera koposa, pakuti ndizo maso a mfumu yaikulu m'midzi. Nyakwawa ndi msungi wa nthaka, ndipo msungi sagulitsa cimene anamsungitsa. Mudzi uliwonse uyenera kukhala ndi buku lolembamo mabanja ndi minda yao, ndiponso malo amene sangapatsidwe kwa munthu ngakhale atabwera ndi thumba lotani: manda, busa, njira, madambo ndi magombe a mtsinje. Mlendo wofuna malo aonekere pa bwalo masana, anthu amve dzina lake ndi kukula kwa malo amene apempha. Nkhani ya nthaka yokambidwa usiku m'galimoto yotseka magalasi siikhala ndi mathero abwino.

Kwa obwera kumene, mau ndi awa: mlendo ndi mame, koma munthu amene wamanga nyumba ya njerwa nabzala mango wasiya kukhala mame. Iye ndi mwini mudzi, ndipo mudzi uli ndi mangawa ake. Ayenera kudziwika kwa nyakwawa, kulembetsa dzina lake m'buku la mudzi, ndi kulembetsa mavoti kumene agona, kuti khansala wa dera adziwe kuti ali naye mlandu. Pa maliro a mnansi, ngati sangathe kugona pa siwa, afikepo ndi ufa kapena nkhuni. Ndiwo, makala ocepa amene afuna, nkhuku ndi nchito ya mmisiri azifune coyamba kwa anansi ake. Ambiri mwa apaulendowa ndi anthu ophunzira, odziwa malamulo, odziwa kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama. Nzeru zimenezo zikagwira nchito mu Lusaka masiku asanu, tsiku limodzi pa mwezi zingathe kugwira nchito pa msonkhano wa komiti ya citukuko ya m'wadi, kapena pa komiti ya sukulu ndi ya madzi.

Khonsolo ndi Boma nawo ali ndi zida m'manja. Lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la mu 2015 lilola Khonsolo kupangana ndi mafumu za kakonzedwe ka malo a mwambo, kuti miseu, misika, masukulu ndi zipatala zipatsidwe malo nyumba zisanadzaze. Kucita zimenezi lero nkochipa kuposa kudzagwetsa nyumba za anthu mawa. Lamulo la madzi la mu 2011, limene linakhazikitsa bungwe la WARMA, lifuna kuti wopopa madzi ambiri mu mtsinje akhale ndi cilolezo, ndipo liika madzi akumwa ndi a pakhomo patsogolo. Kuyambira mu 2018 zitsime zoboola ndi makina ziyenera kulembetsedwa. Malamulowa aoneke akugwira nchito pa gombe la mtsinje m'mwezi wa Okutobala, pamene injini ya famu yaikulu ndi ndowa ya mai zilimbirana madzi omwewo. Cotsala ca nkhalango ya kumutu kwa Chalimbana citetezedwe, okumba mcenga apatsidwe malo odziwika kutali ndi magombe, ndipo mzinda wa Lusaka utsuke bwino madzi ake usanawatumize kwa anansi a kumunsi. Tauni ya kukula kwa Chongwe iyeneranso kukhala ndi gwero lodalirika la madzi loposa damu limodzi.

Ndalama zoyambira zilipo. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lochedwa CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo linaonjezedwanso m'zaka zotsatira. Zofuna za anthu ziyambira m'makomiti a m'mawadi, ndipo amene safika pa msonkhano asadabwe ngati mjigo wapita ku mudzi wina. Gawo la ndalamazi, pamodzi ndi za amalonda, likalunjika pa nchito za pompo, monga mosungira mkaka mozizira, zigayo, mokonzera matimati kuti asaole ndi misika yokhala ndi denga, anyamata ndi atsikana ambiri adzapeza colowa popanda kukwera basi ya m'bandakuca. Tauni imakhala yamoyo pamene ena mwa anthu ake agwira nchito momwemo masana.

Nkhani imeneyi si ya Chongwe yekha. Zomwezi zioneka ku Kafue, ku Chilanga ndi kumbali ya Chibombo yoyandikana ndi Lusaka. Midzi yozungulira Chipata, Katete ndi Petauke nayo yayamba kuona alendo a matepi oyezera ndi zikhomo za simenti. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mudzi umene udzakhala pansi lero kukambirana za minda, manda ndi madambo ake, ogula asanafike, udzalandira tauni ndi manja awiri popanda kumezedwa nayo.

Caka ndi caka, m'mwezi wa Okutobala, Asoli a kwa Nkomeshya amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukokera mitambo pansi. Pa tsikulo mfumu imapempherera mvula, niocha zinyalala za m'munda, nibzala mbewu zoyamba, kusonyeza anthu kuti nthawi yolima yafika. Alendo ambiri amabwera ndi magalimoto kucokera mu Lusaka kudzaonerera, ndipo alandiridwa bwino. Koma mwambowo uli ndi tanthauzo malinga ngati pali minda yolandira mvula imene yapemphedwa, ndi mtsinje woisunga kufikira dzinja lina. Kusunga ziwirizi ndi nchito ya onse amene agona pa Chongwe, wobadwira pompo ndi wokwera basi ya m'mawa yemwe, ndipo iyenera kuyamba mvula ya caka cino isanagwe.